ZA MALONDA NDI CUMA: "Wacotsedwa Nchito!" pa Kanema, ndi Amisiri a ku Kalingalinga

Masiku ano wailesi ya kanema siilinso cinthu ca m'tauni mokha. Kuyambira ku Nyimba kufikira ku Chama, m'midzi yambiri muli nyumba imodzi kapena ziwiri zokhala ndi mbale pa denga ndi sola pambali pace, ndipo madzulo ana ndi akulu omwe amasonkhana pamenepo monga m'mene makolo anali kusonkhanira mozungulira wailesi ija ya Saucepan Special, imene inafika m'dziko lino m'caka ca 1949. Amene alibe kanema amaonera pa lamya ya m'manja. Pakati pa zimene acinyamata amakonda, kupatula mpira ndi nyimbo, pali mipikisano imene eni ace amati ndi ya zocitika zeni-zeni, cifukwa mulibe anthu ocita sewero, koma anthu wamba oikidwa patsogolo pa makamera kuti alimbirane mphotho. Ina mwa mipikisano imeneyi ndi ya malonda. Imeneyi ndiyo ifunika kuipenyetsetsa, pakuti imaphunzitsa mwana wa mlimi cinthu cacikulu iye osadziwa kuti ali m'sukulu. Imamuonetsa m'mene munthu wolemera amaonekera, m'mene amalankhulira, ndi njira imene akuti anadzera kuti afike pamene alipo.

Wochuka koposa unayambira ku America m'mwezi wa January, 2004, pa nyumba ya kanema ya NBC. Dzina lace ndi The Apprentice, ndiye kuti munthu wophunzira nchito pansi pa mmisiri. Amuna ndi akazi 16 anasonkhanitsidwa mu mzinda wa New York nagawidwa m'magulu awiri, ndipo sabata iliyonse anali kupatsidwa nchito ya malonda kuti cidziwike gulu limene lidzabweza ndalama zambiri. Nchito yoyamba inali yogulitsa madzi a mandimu m'miseu. Gulu logonja linali kuitanidwa m'cipinda ca misonkhano, m'mene Bambo Donald Trump anali kumva milandu yao monga mfumu pa bwalo, kenaka nkuuza mmodzi kuti, "Wacotsedwa nchito!" Amene anatsala pomaliza, Bill Rancic, anapatsidwa nchito ya caka cimodzi ya malipiro a madola 250,000. Usiku umenewo anthu pafupi-fupi 28 miliyoni anali kuonerera.

Koma cimene cinali kugulitsidwa kweni-kweni sicinali madzi a mandimu. Cinali cithunzi ca Bambo Trump eni ace. Kanema anali kuonetsa ndege yolembedwa dzina lao, nyumba yao yosanja ya Trump Tower, ndi zipinda zonyezimira ndi golide, ndipo gulu loyamba kupambana linalandira mphotho yokaona m'nyumba m'mene bwana amagona. Pa ciyambi peni-peni Bambo Trump anadzisimba okha. Anati inalipo nthawi imene anamira m'nkhongole za mabiliyoni, koma analimbana nazo napambana. Sanacite manyazi kuchula nkhongolezo, pakuti kwa oonerera a ku America kugwa ndi kudzukanso ndiyo mbali yokoma ya nkhani. M'mwezi wa November caka comweco, kampani yao ya nyumba za njuga inapita ku khoti kukapempha citetezo cifukwa colephera kulipira nkhongole, ndipo sikanali koyamba, popeza zotere zinayamba mu 1991. Mpikisano unapitirirabe, anthu naonererabe. Kanemayo sanakambe zambiri za atate ao, Fred Trump, amene analemera kale pomanga nyumba za lendi ku Brooklyn ndi ku Queens mwana wao asanayambe malonda. Bambo Trump anakhala pa mpando umenewo kufikira 2015, ndipo anasankhidwa kukhala Mtsogoleri wa dziko la America mu 2016 ndiponso mu 2024. Ambiri akhulupirira kuti mpando wa pa kanema ndiwo unawalambulira njira ya ku White House.

ANGELEZI ASEKA

Angelezi anatenga mpikisano womwewo mu 2005, pa nyumba ya BBC. Malamulo ace sanasinthe kweni-kweni, koma mzimu wace unasintha. Pa mpando anaikapo Bambo Alan Sugar, mwana wa telala, amene anakulira m'nyumba za khonsolo ku Hackney, kum'mawa kwa mzinda wa London. Iwo anasiya sukulu ali ndi zaka 16, nayamba kugulitsa milongoti ya mawailesi a m'galimoto kucokera kumbuyo kwa kagalimoto kao, ndipo mu 1968 anakhazikitsa kampani ya Amstrad, imene pambuyo pace inachuka ndi makompyuta ochipa. Okonda mpira adzakumbukira kuti anali wapampando wa timu ya Tottenham Hotspur kuyambira 1991 kufikira 2001. Munthu ameneyu anacokera pansi peni-peni. Galimoto yao ya Rolls-Royce imaoneka, inde, koma nkhope imene aonetsa pa kanema ndi ya mwini sitolo amene wapeza kuti m'kabati mwapelewera ndalama, ndipo mau ao ambiri ndi onyoza aliyense wodzitama.

Odzitamawo sasowa. Caka ciliconse opikisana amayamba ndi mau akulu-akulu, aliyense kudzicha katswiri woposa onse. Okonza kanemayo amaika mau amenewo patsogolo, kenaka nkuonetsa munthu yemweyo atasokonezeka pa msika, osatha kuwerengera mtengo wa nsomba kapena wa maluwa amene wagula. Gulu logonja limatumizidwa ku kanyumba ka tiyi ka anthu wamba, kukamwa tiyi ndi kulozana zala. Wocotsedwa amakoka cikwama cace nakwera takisi yakuda. Ndipo usiku womwewo kwa zaka zambiri panali pulogalamu ina m'mene akatswiri a nthabwala anali kukhala naye pansi ndi kumuseka pamaso pa anthu, iyenso nkusekera pamodzi nao, pakuti Mngelezi amene satha kudziseka yekha ndiye wagonja kawiri. Wa ku America amaonerera kuti asirire wopambana. Mngelezi amaonerera kuti aseke wodzikuza.

Codabwitsa ndi cakuti amene anayambitsa mpikisano wa ku America uja, Mark Burnett, ndi Mngelezi wobadwira ku London. Anali msilikali, napita ku America mu 1982, kumene anayamba ndi nchito yolera ana a anthu olemera ndi kugulitsa malaya m'mbali mwa nyanja ku California. Mwina kwao akadayamba amfunsa za atate ace ndi sukulu imene anaphunzirako.

Pali mpikisano wa mtundu waciwiri umene uli pafupi ndi moyo wa wamalonda wamng'ono. Unayambira ku Japan mu 2001. Angelezi anautenga mu 2005 naucha Dragons' Den, phanga la zinjoka, ndipo a ku America anautenga mu 2009 naucha Shark Tank, thamanda la nsomba zolusa. Munthu wa malonda ang'ono amaimirira pamaso pa olemera asanu napempha ndalama, iwo nkutenga gawo la kampani yace. Angelezi amakhala m'cipinda cooneka ngati mosungira katundu mwakale, mitolo ya ndalama ili pa matebulo, ndipo mafunso ao ndi ouma: Cinthu cimodzi umacipanga ndi ndalama zingati? Umacigulitsa zingati? Caka catha unagulitsa zocuruka bwanji, ndipo zinatsala m'thumba ndi zingati? Wophonya masamu kawiri-kawiri amatuluka cimanja-manja. Mu 2007 Levi Roots, wobadwira ku Jamaica, analowa ndi gitala akuimbira msuzi wace wa tsabola. Anasokoneza masamu a oda imene anali nayo, thukuta lili kamu-kamu, koma awiri mwa olemerawo, Peter Jones ndi Richard Farleigh, anampatsa mapaundi 50,000 natenga magawo 40 pa 100 alionse a malonda ace, ndipo msuziwo unalowa m'masitolo a Sainsbury's. Angelezi amaikonda nkhaniyi, mwina cifukwa munthuyo sanadzitame. Ku America nkhani yokondedwa ndi ya Jamie Siminoff, amene mu 2013 anabwera ndi belu la pakhomo lokhala ndi kamera, natuluka wopanda ndalama. Mu 2018 kampani ya Amazon inagula malonda ace, ochedwa Ring, pa mtengo wa madola pafupi-fupi 1 biliyoni, ndipo caka comweco iye anabwerera m'cipinda comwe cija nakhala pa mpando wa olemera monga mlendo woweruza anzace.

Kusiyana kumeneku kuli ndi mizu yace. Kwa zaka mazana ambiri ulemu ku Britain unali wa eni malo ndi obadwira m'mabanja acifumu. Wamalonda, ngakhale atalemera cotani, anali kuyesedwa wa pansi, ndipo anali kutumiza ana ace ku masukulu a olemera kuti akaiwale kalankhulidwe ka atate ao. Ku England wolephera kubweza nkhongole anali kuponyedwa m'ndende, kufikira lamulo la 1869 linathetsa mcitidwewo pa nkhongole zambiri. Ndi lamulo la 2002 limene linacepetsa nthawi ya ziletso za munthu wogwa pa malonda kucoka pa zaka zitatu kufika pa caka cimodzi, Boma la nthawiyo pofuna kucotsa manyazi a kulephera. Ngakhale Bambo Sugar, ulemu wao unakwanira pamene Mfumukazi inawapatsa dzina la Sir mu 2000, ndi pamene analowa m'nyumba ya malamulo ya ma Lord mu 2009. Ndalama zokha sizinakwanire. America ndi dziko limene ambiri mwa anthu ace ndi zidzukulu za obwera, ndipo kumene mbumba ya munthu siidziwika, anthu amayang'ana cimene ali naco m'manja. Malamulo ao amalola kampani yogwa kupitiriza nchito pamene ili kukambirana ndi eni nkhongole.

Pa makhalidwe awiriwa, la Angelezi lofunsa masamu ndilo lingapulumutse munthu wa mpamba wocepa, ngakhale kuti kuseka kwao kuli ndi ululu, pakuti kumaphunzitsa mwana kuti kuyesa cinthu cacikulu ndi kudzionetsera. A ku America amakhululukira wogwa, ndipo pamenepo pali nzeru, koma amafulumiranso kulemekeza wolemera osafunsa kumene cumaco cinacokera. Ndipo owerenga asaiwale kuti zonsezi ndi zithunzi zosankhidwa. Makamera amajambula maola ambiri-mbiri, okonza nasankhapo mphindi zocepa zimene zidzakoka anthu. Mwini kasitolo wa ku America sagona m'nyumba ya golide.

KUKHWIMA

Nanga muno m'Zambia? Mipikisano yotere inafikanso mu Africa. Ku South Africa mu 2005 pa mpando panakhala Bambo Tokyo Sexwale, mu 2008 wina unacitikira ku Lagos, ndipo mu 2015 muno munayamba mpikisano wa mapulani a malonda wa Nyamuka Zambia, wothandizidwa ndi ndalama za Boma la Britain. Koma umene unagwedeza dziko lino sunali wa malonda. Unali Big Brother Africa wa mu 2003, pamene acinyamata 12 a maiko 12 anatsekeredwa m'nyumba imodzi ku Johannesburg masiku 106. Atsogoleri a machalichi anadandaula nao, ndipo ku Malawi nyumba ya malamulo inauletsa pa kanema wa Boma kufikira khoti linacotsa ciletsoco. Amene anapambana madola 100,000 anali Cherise Makubale wa ku Kitwe. Anthu anamdziwa monga mtsikana wosesa, wophika ndi wodzisunga pamene ena anali kucita zocititsa manyazi. M'cipinda ca Bambo Trump mwina sakadatha sabata ziwiri, koma oonerera a mu Africa anapereka mphotho kwa khalidwe.

Dziko lino lili ndi mbiri yace-yace pa nkhani ya cuma. M'nthawi ya atsamunda masitolo akulu anali a alendo, mwini dziko nagulira pa zenera. Pa Mulungushi m'mwezi wa April, 1968, Mtsogoleri woyamba, Dr Kenneth Kaunda, analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani akulu angapo, ndi kuti malonda ang'ono-ang'ono akhale m'manja mwa nzika. Pa Matero mu August, 1969, inafika nthawi ya migodi. Koma nzeru za Umunthu zinali kucenjeza za kudyerana masuku pamutu, ndipo malamulo a atsogoleri a m'zaka za m'ma 1970 analetsa akulu-akulu a Cipani ndi Boma kukhala ndi malonda ao. Anyamata a mishanga, ogulitsa ndudu imodzi-imodzi aja, anali kuthamangitsidwa m'miseu. Bungwe la SIDO linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1981 kuti lithandize amisiri ang'ono, komabe mwana wanzeru anali kulakalaka nchito ya ku migodi kapena ya mu ofesi. Zinatembenuka pambuyo pa 1991, pamene makampani a Boma anagulitsidwa, anthu zikwi zambiri nacotsedwa nchito, kucotsedwa kweni-kweni osati kwa pa kanema, ndipo tuntemba tunamera ngati bowa. Ambiri analowa malonda cifukwa ca njala. Mu 2021 dziko linasankha Bambo Hakainde Hichilema, munthu wamalonda ndi woweta ng'ombe, kukhala Mtsogoleri, cinthu cimene m'zaka za Umunthu cikadakhala cobvuta kuciganizira.

Komabe pansi pa zonsezi patsala maganizo amene sali a ku America kapena a ku Britain. Mngelezi amaseka wolemera, koma kuno amamkaikira. Munthu akagula cigayo caciwiri kapena kumanga sitolo ya malata pamudzi, mau amayamba kuyenda pa citsime: akuti anakhwima, akuti anapereka mwana wa mlongo wace, akuti usiku m'nkhokwe mwace mumalowa cimanga ca eni. Palibe afunsa kuti amadzuka nthawi yanji, kapena kuti amalemba bwanji m'buku mwace. Cotsatira cace ndi cakuti wopeza bwino amabisa. Amabvala zosaoneka, amakana kuti malonda ayenda, amakamanga ku Chipata kapena ku Lusaka kumene abale samuona, ndipo mudzi umene unambala utsala wopanda cigayo. Kumene maganizo otere angafikitse anthu kunaoneka mu April, 2016, pamene anthu angapo anapezeka ataphedwa mwankhanza ku George ndi m'makomboni oyandikana nayo. Mphekesera inafala yakuti eni masitolo ocokera ku Rwanda anali kukhwimira malonda ao ndi ziwalo za anthu. Masitolo ambiri anathyoledwa ndi kufunkhidwa m'makomboni a Lusaka, anthu awiri, nzika za dziko lino, anatenthedwa ku Kanyama, ndipo mabanja a othawa nkhondo anakabisala ku chalichi. Amene apolisi anawapereka ku khoti pa mlandu wa kuphako sanali eni masitolo aja. Cinsinsi ca masitolowo cinali poyera: kutsegula m'mamawa, kutseka mocedwa, ndi kukhutira ndi phindu locepa pa cinthu cimodzi.

PA MSEU WA ALICK NKHATA

Wofuna kuona wophunzira nchito weni-weni, amene dzina la mpikisano uja linabwerekedwa kwa iye, asapite kutali ndi nyumba ya kanema ya dziko lino. Nyumba ya ZNBC ili pa mseu wa Alick Nkhata, wochedwa dzina la woimba ndi muulutsi wochuka uja amene anaphedwa ku Mkushi mu 1978. Mseu womwewo ndiwo upita m'mbali mwa Kalingalinga, imodzi mwa makomboni akale a kum'mawa kwa Lusaka, yoyandikana ndi University of Zambia, Mtendere ndi Kabulonga. Kwa zaka zambiri Kalingalinga inali malo osabvomerezeka, osowa mipope ndi miseu, kufikira m'zaka za m'ma 1980 pamene khonsolo ya Lusaka ndi bungwe la ku Germany la GTZ anagwirizana ndi eni komboni kukonza malowo. Anabweretsa madzi, miseu, sukulu ndi cipatala, ndiponso nkhongole zing'ono-zing'ono za zomangira nyumba ndi za malonda. Woyenda pa mseuwo amaona mageti a zitsulo, mafelemu a zitseko ndi a mazenera, mabedi, mipando, makabati, tinyumba ta agalu, miphika ya maluwa, mbaula, ndi milu ya miyala yophwanyidwa ndi amai okhala padzuwa ndi nyundo. Ogula ambiri ndi a m'mayadi.

Mnyamata amafika kucokera ku Petauke kapena ku Katete atatumizidwa kwa malume ace kapena kwa mnansi wa kumudzi. Miyezi yoyamba sagwira makina. Amanyamula zitsulo, amasalaza matabwa, amapaka utoto, amathamangira nsima ya masana. Pambuyo pace amaloledwa kudula, kenaka kuwocherera pamalo posaoneka, ndipo papita caka kapena ziwiri asanapatsidwe geti lathunthu. Malipiro ace ndi cakudya, pogona, ndi kandalama pamene oda yatuluka. Si moyo wofewa. Ambiri amawocherera atabvala magalasi wamba a dzuwa, maso nkufiira usiku wonse, ndipo alipo amisiri ena amene amasunga mwana wa eni zaka zambiri osamuphunzitsa kuyeza ndi kuika mtengo, poopa kuti adzawalanda makasitomala. Koma mau aja akuti "wacotsedwa nchito" samveka kawiri-kawiri pamenepa. Mwana wa mlongo sacotsedwa ndi kuloza cala. Akaononga citsulo amakalipiridwa, mlandu nkufika kumudzi pa lamya, mawa lace nkubweranso pa nchito. Pa kanema anthu 15 amagwa kuti mmodzi akwere. Pa mseu wa Alick Nkhata mmisiri amayesedwa wamkulu powerenga anyamata amene anadutsa m'manja mwace ndipo tsopano ali ndi malo ao-ao.

Mafunso a m'phanga la zinjoka amisiri amenewa amakumana nao tsiku ndi tsiku, ngakhale palibe amawafunsa pa kanema. Mtengo wa geti ndi zitsulo, ndodo zowocherera, zodulira, utoto, magetsi, galimoto yonyamula, ndi thukuta la anthu atatu. Kalipentala amawerenga matabwa ocokera ku msika wa Buseko, guluu, misomali ndi vanishi. Wogula amapereka gawo lina la ndalama poyamba, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Ndalama ya geti la lero imathera pa maliro, pa lendi kapena pa yunifomu ya mwana, ndipo geti limenelo lidzamalizidwa ndi ndalama ya wogula wa mawa. Mmisiri wotere angagwire nchito zaka khumi manja osapuma, koma osadziwa ngati ali kupindula. Banki siimdziwa cifukwa alibe buku kapena cikalata ca PACRA. Cimtsalira ndi cilimba ca anzace, kapena kaloba, amene kawiri-kawiri abwezedwa ndi theka pamwamba mwezi ukatha. Ndipo pali mayeso ena amene palibe mpikisano ungawaike m'sabata 12. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi a ku Kariba, inalipo miyezi imene makomboni anali kulandira magetsi maola atatu okha pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku, ndipo owocherera anali kudzuka nthawi yomweyo kuti agwire nchito. Amene anapirira caka cimeneco osatseka anaonetsa luso la malonda loposa kugulitsa madzi a mandimu ku New York.

Nkhani imeneyi imafika pakhomo pa mlimi nthawi yokolola. Mnyamata amene waonerera mipikisano yotere amabwera kwa atate ace ndi mau osalala, napempha kuti ng'ombe imodzi igulitsidwe, kapena kuti apatsidwe ndalama za nshawa ndi soya, akayambe bizinesi ku Lusaka. Kumkaniza cabe ndi kulakwa, pakuti mwana woopsezedwa ndi nkhani za ufiti ndi nsanje sadzayesanso kanthu. Kumpatsa cifukwa walankhula bwino ndi kulakwa kwina. Atate angakhale pansi monga mmodzi wa olemera asanu aja nafunsa: Cinthu cimodzi udzacigula zingati? Adzagula ndani? Wagwirapo nchito imeneyi pansi pa yani, ndipo miyezi ingati? Ukagwa, cidzatsala nciani? Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, ndipo mwana amene ayankha bwino angayambe ndi mbuzi, ng'ombe nkudikira caka ca mawa. Mafunso omwewo afunikanso pa makomiti a CDF, thumba la citukuko ca m'madera, limene mu 2022 linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, gawo lina nkukhala la nkhongole ndi thandizo la magulu a acinyamata ndi amai, ndi la kulipirira maphunziro a nchito za manja. Kalabu yolembetsedwa dzulo, ya anthu amene sanawetepo nkhuku, ingalembe pepala lokoma kuposa mmisiri wa zaka 20 pa nchito amene satha Cingelezi.

Kwa mnyamata amene ali kale pansi pa mmisiri, bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, limayesa luso la anthu amene anaphunzirira nchito pa mseu ndi kuwapatsa setifiketi ngakhale sanapite ku koleji. Pepala limenelo lingamthandize pofunsira nchito zonga madesiki a sukulu, amene Boma linalimbikitsa kuti azipangidwa ndi amisiri a m'dziko momwe muno. Makolo a kumudzi angacite bwino kufunsa malume uja ngati mwanayo walembetsedwa mayeso amenewa.

Cobvuta cimene cili kukula ku Kalingalinga ndi malo. Komboni imene kale inali kunyozedwa yapezeka kuti ili pakati pa mzinda, ndipo m'zaka zapitazi mapuloti a m'mbali mwa mseu akhala akugulidwa ndi anthu a ndalama, tinyumba takale nkugwetsedwa, pamalo pace nkumera masitolo, maofesi ndi nyumba zosanja. Mwini puloti amalandira ndalama zimene sanazigwirepo, nasamukira kutali. Mmisiri amene anali kubwereka kabwalo ka patsogolo pa nyumbayo salandira kanthu, ndipo geti siligulika mkati mwa komboni kumene maso a wodutsa pa galimoto safika. Nthawi zina geti limene litseka nyumba yatsopanoyo ndi iye yemwe analiwocherera.